Maola Atatu a Che Bwanali

Gulu lathu la alembi la pa foni lili ndi mwambo wake: chaka chikamatha aliyense amanena zimene wakwanitsa. Sabata ino mauthenga akungogwa ngati mango akupsa. Uyu wasindikiza buku, uyu ndakatulo yake yawerengedwa pa wailesi, winayo wamaliza sewero. Ine ndangoti zii, ntchito yanga n'kuika kachala koyamikira pansi pa uthenga uliwonse. Wapampando wandifunsa kawiri kuti, "Mayi, buku la bambo lija lafika pati?" Kawiri konseko ndanamizira netiweki. Koma mtima wandilemera, bola ndiulule kwa inu amene simundidziwa nkhope.

Ndine mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina yoyendera kuno ku Salima. M'mwezi wa Januwale ndinagula kope lachikuto cholimba n'kulemba pa tsamba loyamba ndi zilembo zazikulu kuti, "Chaka chino buku la bambo litha." Bambo anga, a Lufeyo, anagwira ntchito moyo wawo wonse pa doko la Chipoka, kutsitsa katundu m'mabogi a sitima yapamtunda n'kukakweza m'sitima ya panyanja. Anamwalira ine ndili ku koleji. Anali munthu wosayankhulayankhula, woti akafika pakhomo ankangovula nsapato n'kukhala pansi pa mtengo, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti sindinawadziwe. Bukulo linali loti ndiwafunefune.

Chaka chimayamba ndili ndi mitu itatu yolembedwa kale. Ndinati teremu yoyamba ndilemba ina inayi. Teremu yoyamba inathera kuchonga makope. Ndinati pa holide. Pa holide ndinadwala malungo, nditachira ndinayamba kudwala ulesi, umene ulibe mankhwala ku chipatala. Komatu sindinangokhala ayi. Dzina la bukulo ndinalisintha kanayi. Chikuto ndinachijambula ndekha, mtundu wake wobiriwira ngati madzi a m'mbali mwa bango. Ndinajambulitsanso chithunzi choti chidzakhale kumbuyo kwa buku, dzanja lili pachibwano ngati munthu woganiza zakuya (chimene ndinkaganiza panthawiyo chinali chakuti nsapato ikundithina).

Vuto lenileni linali loti ndinalibe choti ndilembe. Zonse zimene ndinkadziwa za bambo zinathera m'mitu itatu ija. Mwa anthu amene anagwira nawo ntchito anatsala mmodzi yekha, Che Bwanali, nkhalamba ya Chisilamu ya ku Chipoka komweko. Kuyambira Januwale ndinkangoti ndipitako, ndipitako. Disembala atafika, sukulu titatsekera, mantha anandigwira. Kutatsala masiku awiri kuti Khirisimasi ikwane ndinavala diresi langa la pa misonkhano, ndinatenga shuga ndi masamba a tiyi, n'kukwera minibasi. Kope lija ndinalisiya dala. Ndinati mlembi wamakono salemba pamanja, amajambula mawu pa foni.

Nditatsika pa siteji ndinatsata njanji wapansi. Kunali kutagwa mvula m'mawa, dzuwa litatulukanso mwaukali, nthaka ikufuka. Ndili m'njira ndinatulutsa foni kuti ndiyese ngati chojambulira mawu chikugwira. Ndinadina kabatani kofiira. Nthawi yomweyo njinga yonyamula makala inaliza belu kumbuyo kwanga, ndinadumphira m'mbali, foni ndinangoiponya m'kathumba ka kunja kwa chikwama. Basi n'kuiwala.

Njirayo inali yaitali, yopanda anthu. Tsono ine ndili ndi kachizolowezi kena kamene sindinauzepo munthu. Ndikakhala ndekha ndimayeserera mmene ndidzayankhire atolankhani buku likadzatuluka. Ndimadzifunsa ndekha, n'kudziyankha ndekha. Tsiku limenelo, poti mtima unali m'mwamba, ndinayankha mafunso ambiri ndithu, mokweza, manja akuthandiza.

Che Bwanali ndinawapeza atakhala pakhonde, kofia yoyera kumutu, miyendo itatupa pang'ono. Amakhala ndi mwana wawo wamkazi, Abiti Bwanali, mayi wamkulu kale amene amawasamalira. Atandiyang'ana bwinobwino anagwira pakamwa.

"Mashaallah! Mwana wa Lufeyo. Mphumi imeneyi sindingaiphonye."

Tinalonjerana, ndinapereka timphatso tanga, ndinafotokoza chimene ndadzera. Anavomera. Ndinasolola foni, ndipo pofuna kuoneka wozolowera ntchito, ndinadina kabatani kaja osayang'ana, maso ali pa iwo. Foniyo ndinaigoneka chafufumimba pa mpando kuti isawasokoneze.

Abale anga, nkhalamba ija inayankhula. Maola atatu. Inayamba ndi tsiku limene anakumana ndi bambo, onse ali anyamata, akulimbirana thumba limodzi la mchere. Inanena za mmene bambo anaphunzirira kuwerenga ali wamkulu kale, pogwiritsa ntchito zilembo za pa matumba a katundu. Inanena kuti bambo ankaimba. Bambo anga, kuimba! Che Bwanali anaimbako nyimboyo ndi mawu onjenjemera, akumenya ndodo pansi. Kenako anafika pa nkhani ya tsiku lina pamene bogi linasuntha iwo ali pakati, bambo n'kuwakoka. Apo analira. Misozi inatsikira m'ndevu, Abiti anatuluka m'nyumba n'kuima pakhomo, koma iwo anakweza dzanja kuti asiyidwe, napitiriza.

Ine nanga ndinkatani? Apa ndiye pondipweteka. Ndinkagwedeza mutu, ndinkati "eya", ndinkati "zoona", koma makutu anga anali pa holide. Ndinkadziuza kuti zonse zikulowa m'foni, ndikamvetsera bwino kunyumba. M'mutu ndinkagawa mitu ya buku. Pamene ankalira paja ine ndinkaganiza kuti, apa ndiye pothera mutu wachisanu ndi chiwiri. Ndinafika pomaganiza ngati chikuto chobiriwira chija chikugwirizana ndi nkhani yachisoni chotere.

Potsanzikana anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. "Zimenezi sindinauzepo munthu, ngakhale uyu," anatero akuloza mwana wawo. "Ndatula. Muzisunge."

"Zasungika kale, agogo," ndinatero ndikusisita chikwama.

Ndili m'minibasi ndinalemba pa gulu la alembi kuti, "Lero ndakumba golide." Akuluakulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Mwambi umenewu ndimauphunzitsa chaka chilichonse ku Fomu 2.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinamvetsere nditangofika kunyumba. Ndinayang'ana, ndinaona kuti chojambulidwa cha tsikulo chilipo, mtima unakhala pansi. Kutalika kwake sindinaone. Ndipo ndinali ndi nzeru ina imene ndinkaiona ngati yapamwamba: ndinafuna kuti tonse a pabanja tikamvere limodzi koyamba pa Khirisimasi, ikhale mphatso yanga kwa iwo.

Khirisimasi timadyera kwa amayi, kumudzi kwawo m'mbali mwa nyanja, kumene anabwerera bambo atamwalira. Amayi amachita geni ya usipa. Kunabwera achimwene anga, amene ndi mkulu wa mpingo, ndi akazi awo, alamu anga, mayi wakhama amene anaphika mpunga ndi nkhuku zonse za tsikulo. Titatuluka m'tchalitchi, titadya, tinakhala pa mphasa pansi pa mtengo wa mango. Ndinaimirira, ndinakhosomola ngati ndili pa asembule.

"Amayi, achimwene, alamu. Chaka chonse mwakhala mukundifunsa za buku. Lero mumva bambo amene simunawadziwe."

Amayi anakonza duku lawo. Achimwene anatulutsa sipika yawo yaikulu imene amagwiritsa ntchito pa misonkhano ya mpingo, anatenga foni yanga, anailumikiza, n'kukweza mawu mpaka kumapeto kuti amayi amve bwino.

Poyamba kunamveka belu la njinga. Kenako mapazi, tswa tswa tswa pa miyala. Ndinati mwina ndi chiyambi chabe. Kenako kunamveka mawu a mzimayi, mawu onyada, otafuna zilembo ngati owerenga nkhani pa wailesi.

"Zikomo kwambiri, omvera nonse. Ayi. Zikomo kwambiri, okondedwa omvera. Eya, bola choncho."

Anali mawu anga.

Ndinadumpha kuti ndilande foni, phazi linakola m'mphepete mwa mphasa, ndinagwa chamaondo pafupi ndi mbale ya mafupa a nkhuku. Achimwene, akuseka, anakweza foni m'mwamba. "Ayi dikirani, chemwali, timve kaye mlembi wathu!"

Sipika inapitiriza. "Funso labwino limenelo, achimwene mtolankhani. Kunena zoona, ine ndinakulira m'banja losawerenga. Ndinali ngati duwa lomera pa dzala. Achimwene anga chimene amawerenga ndi timapepala ta juga ya mpira basi, amabisa m'Baibulo."

Kuseka kwa achimwene kunathera pakhosi. Alamu anatembenuka pang'onopang'ono.

"Juga yake iti, bambo a Chisomo?"

Asanayankhe, sipika inawafikira iwonso. "Alamu anga akaona pepala, chimene amaganiza n'kukolezera mbaula. Muwapatse buku, akufunsani ngati lili louma." Apa ndinamveka ndikuseka, kenako ndinabwereza kusekako katatu, kufunafuna kaseke koyenera pa wailesi (ndinasankha kachiwiri).

"Zimitsani, achimwene, chonde!" ndinakuwa.

Achimwene anali atayamba kale kufufuza pozimitsira, koma amayi anayankhula, osakweza mawu. "Isiye ithe."

Ndinkadziwa chimene chikubwera. Ndinangotseka maso.

"Amayi anga, pepani kunena, ngakhale dzina lawo salitha kulemba. Moyo wawo wonse ndi usipa. Ndiye luso limeneli, ndikhulupirira, ndinatengera bambo anga. Iwo okha ndi amene akanandimvetsa."

Nkhuku imene inkatola mpunga inkamveka kujompha kwake. Sipika inapitirira ndi mapazi aja, kenako ine ndikuti "Odi kuno!", kenako mawu a Che Bwanali, okalamba, okoma: "Mashaallah! Mwana wa Lufeyo." Amayi anadzutsa mutu atamva dzinalo. Malonje anamveka onse. Kenako mawu anga: "Chabwino agogo, tsopano tiyambe." Thi! Basi.

Kabatani kamene ndinadina pakhonde paja sikanali koyambitsa. Kanali kozimitsa.

Tinadikira. Achimwene anayang'ana foni, anaigwedeza, anandiyang'ana. "Zatha?"

"Zatha," ndinatero.

"Nanga bambo aja?" anafunsa amayi.

Amayi anadzuka, anakung'untha chitenje, n'kulowa m'nyumba. Alamu anasonkhanitsa mbale mwaphokoso, ndipo podutsa pafupi ndi amuna awo anati, "Tikafika kunyumba mundipatse Baibulo lija ndiwerengeko. Paja ena akuti sindiwerenga." Achimwene anamasula sipika yawo, foni anaiika pa mphasa, osati m'manja mwanga. Anapita dzuwa likadali pamutu, osatsanzika.

Tsiku lotsatira ndinakhala pansi ndi kope kuti ndilembe zimene ndikukumbukira za maola atatu aja. Sizinadzaze tsamba. Thumba la mchere. Zilembo za pa matumba. Bogi. Nyimbo ija ndinayesa kuing'ung'udza, inkangotembenukira ku nyimbo ya kwaya. Panalinso dzina lakuti Esinati, limene Che Bwanali analitchula kangapo, koma sindinathe kukumbukira ngati Esinatiyo anali munthu kapena boti.

M'mawa mwake ndinakweranso minibasi ya ku Chipoka, ulendo uno kope lili m'manja, mabolopeni atatu. M'njira muja sindinayankhe mtolankhani aliyense.

Abiti Bwanali anandichingamira pa mpanda, nkhope yosasangalala. "Mwabweranso? Mukudziwa kuti tsiku lija mutachoka anagona masiku awiri osadya? Magazi anakwera. Zakale zija zinawavundula. Ine sindilolanso."

Ndikuti ndibwerere, mawu anamveka kuchokera m'nyumba. "Ndi mwana wa Lufeyo? Mlowetse."

Anali atagona pa mkeka, atachepa kuposa mmene ndinawasiyira. Ndinagwada pafupi. Ndinali nditakonza bodza loti ndabwera kudzafunsa tina ndi tina tosamveka bwino, koma nditawaona bodzalo linakana kutuluka. Ndinawauza zonse, kuyambira belu la njinga mpaka Baibulo la achimwene.

Anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, Abiti anathamanga ndi madzi. Atapuma anapukuta m'maso, ndipo nkhope inasintha.

"Makina sanamve, chabwino, ndi makina. Nanga inu? Munali pomwepa. Ndinkakuyang'anani m'maso."

"Ndinamvako, agogo."

"Tandiuzani."

Ndinawerenga katsamba kanga kosadzaza kaja. Sizinatenge nthawi. Pomaliza ndinafunsa, mawu ali pansi, ngati Esinati anali munthu kapena boti.

"Esinati anali mlongo wake wa Lufeyo. Azakhali anu. Anamira ali mtsikana, bwato litagubuduzika, Lufeyo akuona ali pamtunda. N'chifukwa chake bambo anu anagwira ntchito pa doko zaka zonsezo osakwerako sitima ya panyanja ngakhale kamodzi. Ndinakuuzani zonsezi. Munati, 'Eya, zoona.'"

Ndikanakonda akananditukwana.

Ndinatsegula kope, bolopeni ili m'manja, ndikuyembekeza kuti mwina apitiriza. Anapukusa mutu. "Ndinalira pamaso panu ngati mwana. Kawiri sindingathe, mama. Chifuwa ichi chatha." Chapatali kunamveka kuitana kwa kumzikiti. Anapempha Abiti kuti awadzutse akonzekere swala. Abiti pondiperekeza anandiuza kuti chaka chikangoyamba akuwatengera ku Nkhotakota kwa mchimwene wake wa Abitiyo, kufupi ndi chipatala. Ndinafunsa ngati adzabwerenso. Anangoti, "Inshaallah," maso ali kumbali.

M'minibasi yobwerera ndinalira mwakachetechete, nditapanikizika pakati pa dengu la tomato ndi bambo wina amene ankangondiuza kuti ndilimbe mtima, maliro ndi a tonse.

Achimwene mpaka lero sakuyankha foni yanga. Alamu anayankha kamodzi, anati, "Mlamu, ine sindinakwiye, mwandithandiza," n'kudula. Sindikudziwa ngati amenewo ndi mawu amtendere kapena ayi. Kwa amayi ndinazengereza masiku atatu. Dzulo masana ndinalimba mtima n'kupita.

Ndinawapeza pa thandala, akutembenuza usipa wofutsa, maso ali kumwamba chifukwa mitambo inali itayamba kuda. Ndinapereka moni.

"Afika alembi," anatero osandiyang'ana. "Samalani diresi, kuno n'kwa usipa."

Ndinavula nsapato, ndinaima mbali ina ya thandala n'kuyamba kutembenuza nawo. Tinagwira ntchito nthawi yaitali. Kenako ndinati, "Amayi, ndinalakwa."

"Unanama pati? Dzina langa sindilitha kulemba. Ndi zoona." Anatola kausipa kophwanyika n'kukataya. "Chimene chinandipweteka si chimenecho. Unakwera minibasi kukafunsa Bwanali za mwamuna amene ine ndinagona naye nyumba imodzi mpaka tsiku lomuika m'manda. Chaka chonse ukubwera kuno, kudya, kunyamula usipa, osandifunsako ngakhale funso limodzi. Unkayesa kuti munthu wosalemba sakumbukira?"

Zoona zake n'zakuti sindinaganizepo n'komwe.

"Anakuuza za Esinati?"

"Anandiuza."

"Anakuuza kuti iwe ukubadwa bambo ako anafuna kukutcha dzina limenelo, ine n'kukana? Tinakangana sabata yathunthu. Ndi nthawi yokhayo imene munthu uja anandikalipira."

Abale anga, mukhulupirire kapena ayi, dzanja langa linapita lokha m'thumba la diresi mmene munali foni. Lokha, ngati la wakuba. Amayi analiona.

"Ukangotulutsa chinthu chimenecho, ndasiya."

Ndinabweza dzanja pa usipa. Kope linali m'chikwama pakhonde, ndipo sindinayerekeze n'komwe kulitchula. Anayankhula mpaka madontho oyamba atagwa, tinathamangitsa usipa m'nyumba, n'kupitiriza tili chiimire pakati pa malichero, mvula ikuwomba malata moti ndinkachita kuwayandikira kuti ndimve. Pena ankasiya nkhani pakati n'kundifunsa kuti, "Ndati chiyani?" ngati mmene ine ndimachitira ndi ana a Fomu 1. Kawiri ndinalakwitsa. Anabwereza, koma mokwiya.

Sanamalize. Anafika pa chaka chimene anakwatirana n'kunena kuti atopa, zotsalazo ndidzamve tsiku limene mtima wawo udzatsike. Sananene kuti ndi liti.

Ndiye chaka chatha chonchi. Buku lili pa mitu itatu, pomwe linali mu Januwale, ndipo nditaiwerenganso m'mawa uno ndaona kuti iwiri mwa itatuyo ikunena za munthu amene ndinangomupeka. Nyimbo ya bambo ikupita ku Nkhotakota m'chifuwa cha nkhalamba yodwala. Amayi akuti sanaimvepo, pakhomo sankaimba.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndaphunzira kumvetsera. Koma dzulo lomwelo, amayi ali pakati pofotokoza za tsiku la ukwati wawo, misozi ili m'maso, ndinadzigwira ndikuganiza kuti apa ndiye poyambira pabwino pa mutu wachinayi.